Chikasu mwa ana: chimachokera kuti, ndipo tichite chiyani mwana akafika nacho?

Wophunzira Unamwino: Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe ikundizunguza mutu. M'mabuku akuti makanda ambiri amachita chikasu sabata yoyamba ndipo chimatha chokha, koma m'mabuku omwewo akuti chikasu chimawononga ubongo. Ndisiyanitsa bwanji chongodutsa ndi choopsa? Nanga mwana wa zaka zisanu akabwera ndi maso achikasu, timaganiza chimodzimodzi ngati khanda? Akuluakulu, ndithandizeni.

Dokotala wa Ana: Mwafunsa bwino. Tiyambire pa chimene chimampaka mwana mtunduwo. Maselo ofiira a magazi akakalamba amaphwanyidwa, makamaka mu kapamba, ndipo mu haemoglobin yawo, yomwe imanyamula mpweya wa okosijeni, mumatuluka chinthu chachikasu chotchedwa bilirubin. Bilirubin yongotuluka kumeneyi siisungunuka m'madzi, imayenda itakwera pa albumin, puloteni ya m'magazi, mpaka kukafika kuchiwindi. Pa pepala la ku labotale imalembedwa kuti indirect kapena unconjugated. Chiwindi chimaisintha kuti izisungunuka m'madzi, apo dzina limakhala direct kapena conjugated, kenako chimaitaya mu ndulu, ndulu n'kutsikira m'matumbo. Ndiyo imapatsa chimbudzi mtundu wake. Ndiye chikasu chili ndi makomo atatu: magazi akuphwanyika kuposa mmene chiwindi chingathere, chiwindicho chadwala, kapena njira ya ndulu yatsekeka.

Khanda limabadwa ndi maselo ofiira ochuluka, ndipo amangokhala masiku 70 mpaka 90 pomwe a munthu wamkulu amafika 120. Enzyme ya m'chiwindi yosintha bilirubin imakhala isanakhwime. Chimbudzi chakuda choyamba chija chikachedwa kutuluka, bilirubin yomwe inali kale m'matumbo imabwereranso m'magazi. N'chifukwa chake makanda pafupifupi 60 mwa 100 obadwa masiku atakwana, ndi 80 mwa 100 obadwa masiku asanakwane, amaoneka achikasu sabata yoyamba. Vuto ndi loti indirect ikakwera kwambiri imalowa mu ubongo, ndipo zomwe yawononga kumeneko sizibwerera.

Mzamba: Ndiwonjezerepo za nthawi, chifukwa ndi pamene pamagona nkhani. Kwa khanda werengani maola, osati masiku okha. Chikasu chachibadwa chimaoneka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, kenako chimazilala, mwana ali wamphamvu, akuyamwa bwino. Chikatuluka m'njira imeneyi musachitchulenso chachibadwa. Chooneka maola 24 asanathe ndi matenda nthawi zonse. Chofika m'zikhatho ndi kumapazi n'choopsa tsiku lililonse. Chopitirira masiku 14 mwa wobadwa masiku atakwana, kapena 21 mwa wosakwana masiku, chifufuzidwe. Ndipo chikasu chilichonse mwa khanda lofooka, losayamwa, lotentha kapena lozizira thupi, tiganize kaye za matenda a m'magazi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'choti amayi ambiri amatuluka m'chipatala chikasu chisanafike pachimake. Khanda limaoneka bwinobwino potuluka, tsiku lachinayi lili kunyumba bilirubin ili kumwamba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi ndi khanda aonedwenso pakati pa maola 48 ndi 72, ndipo ulendo umenewu si wongolemba m'buku ayi. Mwana avulidwe, aonedwe thupi lonse.

Namwino wa Makanda: Zoona a Mzamba. Kaonedwe kake kali chonchi: pitani naye pafupi ndi zenera pomwe pali kuwala kwa masana, chifukwa magetsi a m'wodi amanamiza. Kanikizani khungu ndi chala pamphuno, pachipumi kapena pachifuwa, chotsani chalacho, onani mtundu womwe watsala magazi asanabwerere. Pa khungu lakuda dalirani kwambiri mbali yoyera ya diso, nkhama ndi m'kamwa. Chikasu cha khanda chimayamba kumutu n'kumatsika. Njira ya Kramer imagawa thupi pasanu: mutu ndi khosi, kufika pamchombo, kufika m'mawondo, mikono ndi miyendo, potsiriza zikhatho ndi mapazi. Chikamatsika ndiye kuti bilirubin ikukwera.

Wa ku Labotale: A Namwino, pa Kramer pokhapo ndiikepo chenjezo. Diso limathandiza kudziwa kuti chikasu chilipo, koma kuti chafika pati, limaphonya, makamaka pa khungu lakuda ndi kwa mwana yemwe wayamba kale kuunikidwa ndi nyale yochizira chikasu. Pomwe pali poyezera, tiyeze. Kachipangizo koyezera pakhungu kamagwira bwino kwa khanda la masabata 35 kupita m'tsogolo lomwe lapitirira maola 24. Kakaonetsa kupitirira 250 µmol/L, titsimikize ndi magazi. Mwana ali pa nyale kasagwiritsidwe ntchito, chifukwa khungu limayera msanga magazi adakali ndi bilirubin yambiri.

Zinthu ziwiri zimawononga zotsatira. Choyamba, kuwala kumaphwanya bilirubin ngakhale ili mu botolo. Thimitsani nyale potenga magazi, kulungani botolo ndi pepala losalowa kuwala, bweretsani mwachangu. Mukapanda kutero tidzakupatsani nambala yotsika yabodza. Chachiwiri ndi miyezo. Ena amalemba mg/dL, ena µmol/L. 1 mg/dL ndi 17.1 µmol/L. Munthu akaona 20 n'kuganiza kuti ndi µmol/L pomwe ndi mg/dL, wasiya khanda la 342 osalithandiza.

Kwa khanda la chikasu cha tsiku loyamba titumizireni izi: bilirubin, gulu la magazi la mayi ndi la mwana pamodzi ndi Rhesus, Coombs test yoona ngati chitetezo cha mayi chamatirira pa maselo ofiira a mwana, full blood count ndi reticulocytes (maselo ofiira achichepere), blood film, G6PD, ndi blood culture ngati likuoneka lodwala. Mayi wa gulu O wokhala ndi mwana wa A kapena B, ndi mayi wa Rhesus negative wokhala ndi mwana wa positive, ndi omwe timayamba kuwakayikira, chifukwa chitetezo cha mayi chimatha kuphwanya maselo ofiira a mwana. Amenewa ndiwo matenda a ABO ndi a Rhesus.

Namwino wa Makanda: Sindikutsutsa zimenezo. Ndimatchula Kramer chifukwa si paliponse pomwe makina alipo, ndipo ngakhale alipo zotsatira zimatha kuchedwa. Khanda lachikasu mpaka kumapazi siliyenera kudikira pepala. Liikidwe pa nyale magazi akupita ku labotale.

Wophunzira Unamwino: Zikomo. Nanga nambala yoyambira nyale ndi iti? Ndaona ma tebulo osiyanasiyana.

Dokotala wa Ana: Ma tebulo ndi osiyanadi. A WHO, a NICE a ku UK ndi a American Academy of Pediatrics, omwe adakonzanso awo mu 2022, sagwirizana pa nambala iliyonse. Tsatirani lomwe chipatala chanu chidasankha, osasakaniza. La WHO limati tsiku loyamba chikasu chilichonse chooneka chipite pa nyale. Kwa khanda lathanzi la masabata 35 kupita m'tsogolo, tsiku lachiwiri ndi 260 µmol/L, kuyambira tsiku lachitatu ndi 310. Kwa losakwana masabata 35, kapena lomwe magazi ake akuphwanyika, kapena lodwala, nambala zimatsika: 170 tsiku lachiwiri, 250 kuyambira lachitatu. Zimatsika chifukwa kusakhwima, matenda a m'magazi, kubanika pobadwa ndi kuchepa kwa albumin zimachititsa kuti bilirubin ilowe mu ubongo mosavuta.

Gwiritsani ntchito total bilirubin, osachotsera direct. Ndipo nambala imodzi siikwana, onaninso liwiro. Ikamakwera kupitirira 8.5 µmol/L pa ola, magazi akuphwanyika, ndipo khanda limenelo likuthamangira kosinthidwa magazi ngakhale nambala ya panopa ikuoneka yabwino.

Namwino wa Makanda: Za nyale ndifotokoze mofatsa, chifukwa ana ambiri amagona pansi pa nyale koma osalandira chithandizo chenicheni. Chomwe chimagwira ntchito ndi kuwala kwa buluu, kwa 460 mpaka 490 nm. Kumasintha maonekedwe a bilirubin pakhungu kuti ituluke mu ndulu ndi mumkodzo popanda kudikira chiwindi. Si kutentha komwe kumachiza ayi.

Mwana avulidwe zonse, atsale ndi thewera laling'ono lopindidwa, chifukwa khungu lomwe laphimbidwa silikuchizidwa. Chipewa, masokosi ndi bulangete zichoke. Maso aphimbidwe, koma muziona pafupipafupi kuti chophimbacho sichinatsetsereke n'kutseka mphuno, ndipo muzichichotsa poyamwitsa kuti muone ngati maso alibe mafinya. Nyale ikhale pafupi monga momwe opanga adanenera, zambiri zimakhala pa masentimita 30 mpaka 50. Ikakhala patali mphamvu imagwa kwambiri. Nsalu zoyera m'mbali mwa bedi zimabwezera kuwala pa mwana. Musampake mafuta. Yezani kutentha kwa thupi maola atatu kapena anayi alionse, chifukwa akhoza kutenthedwa kapena kuzizidwa poti ndi wovula. Mpimeni pa sikelo tsiku lililonse, werengani matewera onyowa.

Mababu a fluorescent amatha mphamvu akuwalabe. Diso limaona buluu, koma mphamvu yochiza idapita kale. Lembani maola omwe agwira ntchito, ambiri amasinthidwa pa maola pafupifupi 2000. Nyale za LED zimakhala nthawi yaitali kwambiri. Pomwe pali kachipangizo koyezera mphamvu ya kuwala, chithandizo champhamvu chimayambira pa 30 µW/cm²/nm, ndipo muyezere pomwe pagona mwanayo. Fumbi pa galasi nalonso limadya kuwala, pukutani.

Bilirubin iyezedwenso maola 4 mpaka 6 mutayamba, kenako maola 6 mpaka 12 alionse ikayamba kutsika. Nyale ithimitsidwe ikatsika ndi 50 µmol/L pansi pa nambala yoyambira nyale ya pa tebulo ija, ndipo muyezenso patatha maola 12 mpaka 18 kuti muone ngati siinakwerenso. Chimbudzi chamadzimadzi chobiriwira ndi tizidzolo pakhungu zimachitika, sizoimitsira nyale.

Mzamba: Pali funso lomwe makolo amafunsa kawirikawiri: kumuika padzuwa sikungathandize?

Dokotala wa Ana: Mu dzuwa muli kuwala kwa buluu, zimenezo n'zoona, koma mulinso cheza chowotcha khungu ndi kutentha koti khanda silingapirire. Lovulidwa panja limapsa, limatha madzi m'thupi, kapena limazizidwa. Choopsa kwambiri n'choti banja limakhulupirira kuti likuchiza mwana, masiku n'kumapita. Kafukufuku wa ku Lagos ku Nigeria wofalitsidwa mu 2015 adaonetsa kuti dzuwa losefedwa ndi mapepala apadera otchinga cheza choipa limagwira ntchito, koma ana ake ankayang'aniridwa ndi achipatala, kutentha kwa thupi kukuyezedwa pafupipafupi. Zimenezo si zofanana ndi kugoneka khanda pakhonde. Tiwauze makolo kuti chikasu chikaoneka abwere naye adzaonedwe.

Mzamba: Ndagwirizana nazo. Kwinanso komwe timalakwitsa ndi pa kuyamwitsa. Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Choyamba ndi chikasu cha kusayamwa mokwanira, cha sabata yoyamba: mwana sakugwira bere bwino, mkaka ukulowa wochepa, chimbudzi chakuda chikuchedwa, thupi latsika kupitirira 10 peresenti. Mankhwala ake ndi kukonza kagwiridwe ka bere, kuyamwitsa maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, kumudzutsa ngati akugona kwambiri, ndi kufinya mkaka n'kumumwetsa ndi kapu ngati akulephera. Pofika tsiku lachisanu tiyembekezere matewera onyowa asanu ndi limodzi kapena kuposera apo, chimbudzi chitasanduka chachikasu. Madzi kapena madzi a shuga sathandiza, amangodzaza mimba pomwe bilirubin imatuluka ndi chimbudzi.

Chachiwiri ndi chikasu cha mkaka wa m'mawere, chomwe chimatha kukhalapo mpaka masabata 12 mwana akukula bwino, akunenepa, chimbudzi chili chachikasu. Chimenechi sichifuna kusiyitsa bere. Koma dzina limeneli tisalipereke tisanayeze direct bilirubin. Ngakhale ali pa nyale ayamwe, kumuchotsapo kwa mphindi zosapitirira 30 n'kololedwa ngati nambala siili pafupi ndi yosinthira magazi.

Wa Mankhwala: Ndilowepo ndi za mankhwala. Ceftriaxone imalimbirana malo ndi bilirubin pa albumin, n'kuisiya ikuyandama yokha, yokonzeka kulowa mu ubongo. Khanda lachikasu lisapatsidwe ceftriaxone. Pakafunika antibiotic ya gulu lomwelo la cephalosporin, cefotaxime ndiyo yoyenera. Mankhwala a sulfa monga cotrimoxazole nawonso amachita zomwezo masabata oyamba. Pa matenda a m'magazi, poyambira ndi ampicillin 50 mg/kg maola 12 alionse sabata yoyamba, maola 8 alionse kuyambira sabata yachiwiri, pamodzi ndi gentamicin kamodzi patsiku: sabata yoyamba 5 mg/kg kwa wobadwa ndi sikelo yabwino, 3 mg/kg kwa wobadwa ndi sikelo yotsika, kenako 7.5 mg/kg kuyambira sabata yachiwiri.

G6PD tisaiiwale. Kuperewera kwa enzyme imeneyi, yomwe imateteza maselo ofiira kuti asaphwanyike, kumayenda pa X chromosome, ndiye kumagwira kwambiri anyamata, ngakhale atsikana sapulumuka onse. Khanda lotere limatha kukhala bwinobwino, mwadzidzidzi bilirubin n'kulumpha. Funsani ngati zovala zake zidasungidwa ndi timibulu ta naphthalene tothamangitsa njenjete. Akakula apewe primaquine, dapsone, nitrofurantoin, methylene blue ndi nyemba za fava.

Kupewa matenda a Rhesus kuli m'manja mwathu: mayi wa Rhesus negative akabereka mwana wa positive alandire anti-D pasanathe maola 72. Chimodzimodzi akapita padera. Jakisoni ameneyu amateteza mimba zotsatira.

Wa ku Labotale: Pa G6PD pali msampha. Mukayeza magazi ali mkati mophwanyika, zotsatira zimatha kubwera zabwino, chifukwa maselo akale osowa enzyme aphwanyika kale, atsala achichepere omwe ali nayo yambiri. Mwana akangoikidwa magazi n'chimodzimodzi, mukuyeza maselo a wopereka. Bwerezani patatha miyezi itatu.

Wophunzira Unamwino: Nanga ndidziwa bwanji kuti bilirubin yayamba kukhudza ubongo?

Dokotala wa Ana: Zimayamba mwakachetechete. Mwana amagona kwambiri, amayamwa mofooka, thupi lili lendelende. Kenako kulira kumasintha, kumakhala kosongoka, kobaya m'makutu. Thupi limayamba kuuma, khosi limapindikira kumbuyo, msana umapinda ngati uta, thupi limatentha, maso amayang'ana pansi. Pamapeto pake amakomoka ndi kusiya kupuma. Khanda lachikasu lomwe lasiya kuyamwa lionedwe ngati lili pa gawo loyambalo. Opulumuka ubongo utawonongeka amakhala ndi kernicterus: manja ndi miyendo zoyenda zokha mopotoka, kusamva, kulephera kuyang'ana kumwamba, ndi mano owonongeka kunja kwake. Nzeru nthawi zambiri zimakhala zilipo, mwana ali m'thupi lomwe silimumvera, ndipo zimenezi zimapweteka kuziona podziwa kuti zinali zopeweka.

Zizindikiro zimenezi zikaoneka, kapena kuyambira tsiku lachitatu bilirubin ikafika 425 µmol/L mwa khanda lathanzi lokwana masiku, kapena 340 mwa losakwana masiku ndi lodwala, njira ndi kusintha magazi. Nyale zonse zomwe zilipo ziyake pamene mukukonzekera. Timagwiritsa ntchito magazi ochuluka kawiri kuposa a mwanayo, pafupifupi 160 ml/kg, ndiye khanda la makilogalamu atatu lifuna 480 ml. Akhale atsopano, osapitirira masiku asanu, oyezedwa kuti akugwirizana ndi a mayi, ofunditsidwa. Pa matenda a Rhesus akhale Rhesus negative. Kapaipi kamalowa mu mtsempha wa pamchombo, timachotsa pang'ono n'kubwezera pang'ono, 5 mpaka 20 ml ulendo umodzi malinga ndi kukula kwa mwana, wina akulemba zotuluka ndi zolowa. Kuthamanga kumalemetsa mtima. Yang'anirani calcium, chifukwa citrate ya m'thumba la magazi imaitsitsa, shuga yemwe amagwa pambuyo pake, potassium yemwe amakwera, ndi ma platelet. Bilirubin imatsika ndi pafupifupi theka kenako imakweranso pang'ono pamene ya m'minofu ikubwerera m'magazi, ndiye abwerere pa nyale ndipo ayezedwenso pasanathe maola awiri. Pa matenda a Rhesus kapena ABO, immunoglobulin 500 mg/kg kwa maola anayi imaperekedwa ngati bilirubin ikukwerabe mwachangu nyale zili chiyakire.

Chipatala chomwe sichisintha magazi chitumize mwana msanga, nambala isanafike pamenepo.

Dokotala wa Opaleshoni: Anzanga, zonse mwanenazi ndi za indirect. Ndikupemphani tisaiwale khanda lina lomwe silichititsa mantha poliona. Lili ndi masabata atatu kapena anayi, likuyamwa, mwina likunenepa, chikasu chake si chakuya, chimakhala ngati chobiriwirako. Aliyense amati ndi cha mkaka. Tsegulani thewera. Chimbudzi chikakhala chotuwa ngati dothi loyera kapena choko, mkodzo uli wakuda wothimbiriritsa thewera, ndulu siikufika m'matumbo. Mkodzo wa khanda umayenera kukhala wopanda mtundu. Osangofunsa mayi kuti chimbudzi chili bwanji, chioneni ndi maso anu. Ku Taiwan ndi ku Japan makolo amapatsidwa khadi la mitundu ya chimbudzi pa chifukwa chomwechi.

Direct bilirubin yopitirira 17 µmol/L mwa khanda la chikasu chokhalitsa si yachibadwa. Choyamba kuchiganizira ndi biliary atresia, pomwe njira za ndulu zimatsekeka n'kufota. Opaleshoni ya Kasai imalumikiza thumbo pachipata cha chiwindi kuti ndulu ipeze potulukira, ndipo imapambana kwambiri ikachitika masiku 60 asanakwane, makamaka isanafike n'komwe pamenepo. Ikachedwa chiwindi chimauma, chotsala n'kuika chiwindi china. Ultrasound ichitike mwana atakhala maola anayi osayamwa, kuti tione ngati thumba la ndulu lilipo ndi kukula kwake, komanso ngati pali choledochal cyst, kufufuma kwa njira ya ndulu. Ultrasound yooneka bwino siichotsa biliary atresia, ndiye chimbudzi chikakhala chotuwabe mtumizeni.

Poyembekezera mpatseni vitamini K wa jakisoni. Popanda ndulu mafuta salowa m'thupi, mavitamini A, D, E ndi K salowanso, ndipo khanda lotere limatha kutaya magazi mu ubongo. Nyale pano siithandiza, imangosandutsa khungu lakuda ngati mkuwa.

Dokotala wa Ana: Mwakumbutsa chachikulu. Pa chikasu chokhalitsa tiwonjezere kuyeza mkodzo, chifukwa matenda a m'njira ya mkodzo amabisala, kuyeza chithokomiro, ndi kuyeza chindoko kwa mayi ndi mwana. Khanda la chindoko limakhala ndi chiwindi ndi kapamba zotupa, chimfine chosatha ndi khungu losendeka m'zikhatho ndi kumapazi, ndipo limachira ndi benzylpenicillin kwa masiku 10. Lomwe likusanza, losakula, chiwindi chotupa, lili ndi ng'ala kapena matenda a E. coli m'magazi, ganizirani galactosaemia, pomwe thupi limalephera kugaya shuga wina wochokera mumkaka. Pamenepo pokha ndi pomwe mkaka wa m'mawere umaimitsidwa.

Tsopano mwana wa zaka zisanu uja. Kwa iye chikasu chachibadwa kulibe, chilichonse chili ndi chifukwa. Onani maso kaye: khungu lachikasu maso ali oyera nthawi zambiri ndi carotene wa m'zakudya, si chikasu. Chikakhala chenicheni bwererani ku makomo atatu aja. Wotuwa m'zikhatho, mtima ukuthamanga, kapamba wotupa, chimbudzi cha mtundu wake: magazi akuphwanyika. Kumadera a malungo yezani malungo pomwepo. Chikasu pamodzi ndi tizilombo tambiri m'magazi ndi malungo aakulu, ndipo chithandizo ndi artesunate wa mu mtsempha, 3 mg/kg kwa wosafika makilogalamu 20 ndi 2.4 mg/kg kwa woposa apo, pa ola 0, 12 ndi 24, kenako kamodzi patsiku mpaka atatha kumwa mankhwala. Dziwaninso kuti magazi amatha kuphwanyika patatha sabata imodzi mpaka atatu chilandirireni artesunate, ndiye akabweranso wotuwa ndi wachikasu muyezeni haemoglobin. Sickle cell imayamba kuonekera pa miyezi isanu ndi umodzi kapena chapomwepo. Ana ake amakhala ndi chikasu chochepa nthawi zonse, koma chikakula mwadzidzidzi fufuzani malungo, matenda ena, kapamba wokula msanga, kapena miyala ya mu ndulu.

Wa chiwindi chodwala amayamba ndi kutentha thupi, nseru, kusanza, kukana chakudya, kupweteka pansi pa nthiti kumanja, mkodzo wakuda, kenako maso. ALT, enzyme yomwe imatulukira m'magazi maselo a chiwindi akamawonongeka, imakwera kwambiri. Hepatitis A ndiyo imapezeka kawirikawiri, imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chokhudzana ndi chimbudzi, imabisala masiku 15 mpaka 50, ndipo ana aang'ono ambiri amaidwala osachita n'chikasu chomwe. Ilibe mankhwala ake enieni, imafuna kupuma, kumwa, kudya ndi kuyang'aniridwa. Hepatitis B ndi nkhani ina: makanda pafupifupi 90 mwa 100 omwe aitenga pobadwa amakhala nayo moyo wonse, n'chifukwa chake katemera wa pasanathe maola 24 chibadwire ndi wofunika. Typhoid nayonso imatha kubweretsa chikasu. Mwana wopitirira zaka zisanu yemwe chiwindi chake chikudwala popanda chifukwa chooneka ayezedwe matenda a Wilson, pomwe kopa amaunjikana m'chiwindi, ndi autoimmune hepatitis, pomwe chitetezo cha thupi chimaukira chiwindi, chifukwa onsewa ali ndi mankhwala.

Wa Mankhwala: Ndipo funsani chilichonse chomwe wamwa, cha kuchipatala, chogula, ndi chazitsamba, mofatsa mosaweruza, apo ayi kholo silinena. Pa mankhwala a TB, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse amatha kuvulaza chiwindi. Chikasu chikaoneka aimitsidwe, chimodzimodzi ALT ikakwera kasanu kuposa malire, kapena katatu mwana ali ndi zizindikiro. Amabwezeretsedwa mmodzimmodzi chiwindi chikachira. Nevirapine ndi sodium valproate nawonso akayikiridwe. Atazanavir amachititsa maso achikasu ndi indirect yokha, ALT ili bwino, ndipo chiwindi sichikhala chikuwonongeka.

Paracetamol ndi 15 mg/kg maola 6 alionse, osapitirira kanayi patsiku. Ngozi imabwera kholo likamapereka mapiritsi a akuluakulu, kapena mankhwala awiri osiyana maina onse ali ndi paracetamol mkati. Kupitirira 150 mg/kg n'koopsa, ndipo tsiku loyamba mwana amaoneka bwino, chikasu chimabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu. N-acetylcysteine, yomwe imalimbana ndi poizoni wa paracetamol, imateteza kwambiri ikayamba pasanathe maola 8: 150 mg/kg kwa ola limodzi, 50 mg/kg kwa maola 4, kenako 100 mg/kg kwa maola 16. Ngakhale wabwera mochedwa iperekedwe.

Dokotala wa Ana: Pa mwana wamkulu chomwe chimationetsa kuti chiwindi chikugonja si kuya kwa chikasu kapena kukwera kwa ALT, koma kuundana kwa magazi, shuga ndi mutu. INR, muyezo wa mmene magazi akuchedwera kuundana, yofika 2, kapena 1.5 mwana akusokonezeka, yomwe siikukonzeka ndi vitamini K, ndiye kuti chiwindi chalephera. Kusokonezekako kumayamba pang'onopang'ono: kugona masana n'kukhala maso usiku, kukwiyakwiya, kusazindikira mayi ake. Kholo likati mwanayu si mmene amakhalira, limvereni. Yezani shuga pafupipafupi, akatsika perekani 10% dextrose 5 ml/kg, kwa khanda 2 ml/kg, ndipo diripi ikhale ya shuga. Pewani mankhwala ogonetsa, perekani lactulose, yambani ma antibiotic, ndipo mtumizeni komwe kuli chisamaliro chapadera. ALT ikamatsika chiwindi chikuchepa kukula, INR ikukwera, musasangalale, maselo akutha.

Wophunzira Unamwino: Ndathokoza kwambiri nonse. Kafunso komaliza: khanda lomwe lachira pa nyale kapena lasinthidwa magazi, likatuluka ndiye kuti zatha?

Namwino wa Makanda: Ayi. Lomwe magazi ake ankaphwanyika chifukwa cha Rhesus kapena ABO limatha kuchepa magazi patapita masabata angapo, chifukwa chitetezo cha mayi chimakhala chidakali m'thupi mwake chikuphwanyabe maselo chikasu chitatha kale. Lipatsidwe tsiku lodzayezedwa haemoglobin pakatha sabata imodzi kapena awiri, n'kumabwereza mpaka itakhazikika. Lomwe bilirubin yake idafika pafupi ndi yosinthira magazi liyezedwe makutu miyezi itatu isanakwane, ndipo liziwonedwa kakulidwe kake: kuimika khosi, kukhala, kugwira zinthu. Lembani m'buku la mwana nambala yapamwamba yomwe bilirubin idafika, tsiku lake, gulu la magazi ndi zotsatira za G6PD. Mayi auzidwenso kuti akadzakhala ndi pakati pena adzanene msanga kuti mwana wake woyamba adagona pa nyale, kuti wotsatirayo adzayezedwe asanatuluke m'chipatala.